FONI YAFIKA KWA MWASE: KODI ALANGIZI A ACINYAMATA AFIKA NAYO?

Pamene intaneti ya Starlink, imene imatsika kucokera ku makina oyandama mumlengalenga, inayamba nchito m'dziko lino mu Okutobala 2023, sipanapite nthawi yaitali Unduna wa Zaumisiri ndi Sayansi, motsogoleredwa ndi a Felix Mutati, unalengeza kuti Boma lidzaika ziwiya zace m'mapositi ofesi ndi m'malo ophunzitsiramo acinyamata nchito zamanja. Boma la Lundazi lili nao malo otere, ochedwa Zgangani Kachinga, kotero nkhaniyo inakhudza ngakhale anthu a kuno ku malire.

Palibe munthu wanzeru amene angatsutse cinthu cotere. Komabe pali funso limene makolo, aphunzitsi ndi manyakwawa a m'dziko la Mfumu Yaikulu Mwase ayenera kulifunsa asanayambe kuomba m'manja, ndipo funsolo ndi ili: ciwiya cikafika, ndani adzakhala pambali pace kuti mnyamata kapena mtsikana apindule naco? Kulangiza acinyamata ndi nchito yakale kwambiri kuposa foni. Anaigwira anamkungwi, atsogoleri a magulu a m'machalichi, aphunzitsi a masewera ndi alangizi a zaulimi. Foni ndi kompyuta zingathe kutalikitsa dzanja la mlangizi kuti lifike kumene miyendo yace siingafike, koma mbiri ya dziko lino ikuonetsa kuti paliponse pamene makina anatumizidwa popanda munthu woyang'anira, phindu lace linali locepa.

Dziko la Mwase lili m'mphepete mwa malire a Zambia ndi Malawi, ndipo ubale wa ufumuwo ndi wa Mwase wa ku Kasungu ndi wodziwika kwa Mcewa aliyense. Anthu ace amakhalira khasu: cimanga, nshawa, soya, mpendadzuwa, ndipo ena thonje ndi fodya. Mu 2018 Boma linagawa Lundazi patatu, nilikhazikitsa maboma atsopano a Lumezi ndi Chasefu, ndi colinga cakuti maofesi ayandikire anthu. Ngakhale n'tero, maofesi ambiri oyang'anira za acinyamata akali pa boma, ndipo mnyamata wa ku mudzi wa mkati amafunika kupalasa njinga kapena kulipira njinga yamoto kuti akaonane nao.

Pali cinthu cina cimene anthu a m'tauni amaiwala. Ndondomeko ya Boma ya acinyamata imawerenga munthu kukhala wacinyamata kuyambira zaka 15 kufikira 35. Ku Lusaka mau amenewa amakumbutsa mwana wa sukulu kapena wofuna nchito ya mu ofesi. Kwa Mwase, wacinyamata wa zaka 24 kawirikawiri amakhala ali ndi nyumba yace, mkazi kapena mwamuna, ana awiri ndi munda. Zimene iye afuna kudziwa pa foni ndi mtengo wa soya pa msika, tsiku limene feteleza idzafika, mankhwala a mbozi zoononga cimanga, ndi mmene angalembere kalata yopempha ngongole ya gulu lace. Nchito ya acinyamata imene siiyankha mafunso amenewa imathera m'misonkhano ya pa boma, pamene alendo adya, nalandira ndalama za ulendo, nabwerera kwao.

Kuwerenga kumene bungwe la ZICTA linacita m'dziko lonse kunapeza kuti mu 2018 anthu 14 okha mwa anthu 100 alionse anali atagwiritsako nchito intaneti, ndipo mu 2022 anafika pa 25. Kukwera kumeneko n'kwakukulu, ndipo kunathandizidwa ndi nsanja za mafoni 1,009 zimene Boma linayamba kumanga mu 2017 ndi ngongole yocokera ku China. Koma ciwerengero comweco cikutanthauzanso kuti mu 2022 anthu atatu mwa anai alionse sanali pa intaneti, ndipo oculuka a iwo anali a kumidzi. M'malire muli vuto lina lapadera: foni nthawi zina imakoka netiweki ya ku Malawi mwini wace atakhala pakhonde pace m'Zambia, ndalama za mu foni n'kutha msanga ngati kuti munthuyo ali paulendo kunja kwa dziko.

PHUNZIRO LA WAILESI

Aka si koyamba kuti makina atsopano alonjezedwe kwa anthu a kumidzi monga njira ya citukuko. Mu 1949 kunabwera kawailesi kochipa kochedwa Saucepan Special, kooneka ngati sefuliya, kamene kanali kugulitsidwa mapaundi asanu kuti anthu akuda amvere nyumba ya mphepo ya ku Lusaka. Kanafalikira kwambiri, ndipo anthu anamva nyimbo ndi nkhani m'zinenero zao. Koma wailesi inasanduka mphunzitsi weniweni wa alimi m'zaka za m'ma 1960, pamene Boma la ufulu linayambitsa magulu omvera wailesi a Radio Farm Forum, potengera nzeru imene inayambira ku Canada mu 1941 ndi kuyesedwanso ku India ndi ku Ghana.

Kacitidwe kace kanali kotere. Alimi anali kusonkhana tsiku lodziwika pansi pa mtengo kapena pa sukulu, ali ndi wapampando ndi mlembi wao. Pulogalamu ikatha anali kukambirana zimene amva, nagwirizana cimene adzayesa m'minda yao, ndipo mlembi anali kulemba mafunso a gululo kuti atumizidwe kwa okonza pulogalamu, amene anali kuyankha pa mphepo. Wailesi inali imodzi, anthu oculuka, ndipo panali njira yobwezera mau. Kumene mabatire anasowa, kapena mlangizi analeka kuyendera gulu, gululo linafa ngakhale kuti pulogalamu inapitirira kuulutsidwa. Aliyense wofuna kugwiritsa nchito foni pakati pa acinyamata a kwa Mwase angacite bwino kuyamba wafunsa okalamba amene anakhalako m'magulu amenewo. Ndipo wailesi siinathe nchito: Radio Chikaya ya ku Lundazi ndi Breeze FM ya ku Chipata zimafika m'nyumba zambiri zimene intaneti siinalowemo.

NAMBALA YA 878

Citsanzo cabwino koposa ca nchito ya acinyamata yocitika pa foni m'dziko lino ndi U-Report. Njira imeneyi inayambira ku Uganda mu 2011, ndipo ku Zambia inatsegulidwa pa 1 Disembala 2012, tsiku lokumbukira matenda a Edzi, ndi bungwe la UNICEF pamodzi ndi bungwe la Boma loyang'anira za matendawo, la National AIDS Council. Mnyamata kapena mtsikana anali kulemba uthenga waufupi pa foni ndi kuutumiza ku nambala ya 878, osalipira ngakhale ngwee imodzi. Ku Lusaka kunali aphungu ophunzitsidwa bwino amene anali kuwerenga funsolo pa kompyuta ndi kuliyankha. Acinyamata zikwi makumi ambiri analembetsa m'zaka zoyambirira, nafunsa za kayezedwe ka magazi, za mdulidwe, za mimba, za matenda opatsirana pogonana, zinthu zimene sakanatha kufunsa atate ao kapena namwino amene amapemphera naye chalichi cimodzi.

Ndi bwino kuona cifukwa cace njira imeneyi inayenda. Siinafune foni yodula yokhudza pagalasi. Kafoni ka mabatani, kamene batire yace imakhala masiku angapo, kanali kokwanira. Siinafune mabandulo. Siinafune kuti wofunsayo aonetse nkhope yace, ndipo manyazi, amene ndi mdani wamkulu wa uphungu wa zaumoyo kumidzi, anacepa. Koma cacikulu n'cakuti ku mapeto ena a uthengawo kunali munthu wamoyo, wolipidwa, wodziwa nchito yace. Nambala ya 116, imene ana amaimba kwaulere akazunzidwa, imagwira nchito pa maziko omwewo.

Komabe uthenga wa pa foni uli ndi polekezera. Mphungu wa ku Lusaka angauze mtsikana wa kwa Mwase kuti apite akayezetse, koma sangamuperekeze. Mtsikanayo akafika pa cipatala ca Mwase Lundazi ayenera kupeza cipinda ca acinyamata cotsegula, ndi mnzace wophunzitsidwa uphungu amene sadzaulutsa nkhaniyo pa citsime madzulo ace. Pakasowa zimenezi, uthenga wabwino uja umangomuonjezera nkhawa. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'caka ca 2018 anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 m'dziko lino anali atabala kale kapena anali ndi pakati, ndipo m'cigawo ca Kum'mawa anali pafupifupi 40. Nyumba ya Malamulo inakonza lamulo la ukwati mu Disembala 2023 kuti ukwati wa munthu wosakwanitsa zaka 18 ukhale wosaloledwa, ngakhale wa pa mwambo, ndipo Kalonga Gawa Undi wakhala akudzudzula maukwati a ana kwa zaka zambiri. Foni ingathe kuuza mtsikana kuti lamulo limeneli lilipo. Amene angaletse ukwatiwo ndi nyakwawa, mphunzitsi wamkulu, wapolisi ndi azakhali ace.

Panali kuyesa kwina kumene kuyenera kuchulidwa mwacidule. Mu Julayi 2014 kampani ya Facebook inasankha Zambia kukhala dziko loyamba kulandira Internet.org, imene pambuyo pace inachedwa Free Basics, mogwirizana ndi Airtel. Munthu anali kutsegula masamba ocepa kwaulere: a nyengo, a zaumoyo, a nchito, ndi Facebook yeniyeniyo. Ambiri anaphunzirira pamenepo kulowa pa intaneti. Koma masambawo anali kusankhidwa ndi kampani, ndipo dziko la India linakana njirayo mu 2016 pa cifukwa comweco.

USIKU WA MAYESO A 2015

Citsanzo ca mbali inayo cikukumbukiridwabe ndi aphunzitsi ambiri. Ndondomeko ya maphunziro ya 2013 inalamula kuti ana onse a Giredi 8 ndi 9 aphunzire za makompyuta. Colinga cinali cabwino, koma masukulu ambiri a kumidzi analibe magetsi, ena anali ndi makompyuta awiri kapena atatu, ndipo ana anaphunzira mbali za kompyuta pa cithunzi cojambulidwa ndi coko pa bolodi. Mayeso oyamba ocita ndi manja atafika mu 2015, ana anadikirana pa makina ocepawo kufikira pakati pa usiku m'masukulu ena, aphunzitsi akubwereka makompyuta ndi majenereta kwa aliyense amene anali nazo. Unduna unapepesa kwa makolo, ndipo pambuyo pace unafewetsa lamulolo kwa masukulu osakonzeka.

Colakwa sicinali kwa ana kapena kwa aphunzitsi. Lamulo linathamanga kusiya kumbuyo magetsi, makina ndi anthu odziwa kuwakonza. Masiku ano makompyuta m'masukulu aculukirako, ndipo kuyambira Januwale 2022 maphunziro ndi aulere kufikira kumapeto a sekondale, cinthu cimene cinabweza ana ambiri m'makalasi. Koma aliyense woyendera masukulu a kumidzi amadziwa za cipinda cokhoma ndi loko cimene muli makompyuta a mphatso okutidwa ndi nsalu, mfungulo ili ndi mphunzitsi wamkulu amene akuopa kuti makina akaonongeka adzafunsidwa iye. Mantha amenewo ndi omveka. Munthu amene sanapatsidwe ndalama zokonzera cinthu amaciteteza mwa kusacigwiritsa nchito.

Za magetsi, anthu a Lundazi safuna kuuzidwa. Kwa zaka zambiri boma limeneli linali kudalira magetsi ocokera ku Malawi, kufikira pamene ZESCO inamanga nthambo zocokera ku Chipata. Kenaka kunadza cilala ca 2023 ndi 2024, cimene Mtsogoleri wa dziko lino a Hakainde Hichilema anacilengeza kukhala tsoka la dziko lonse pa 29 Febuluwale 2024. Madzi anatsika m'damu la Kariba, magetsi anali kuzima maola oposa 20 pa tsiku m'madera ambiri, ndipo ngakhale nsanja za mafoni zinavutika. Kumidzi kumene nthambo sizinafike n'komwe, foni imachajidwa pa kasola ka pa tsindwi kapena pa kantemba, pa mtengo. Conco pulani iliyonse ya intaneti ya acinyamata a kwa Mwase imene ilibe sola ndi mabatire m'kati mwace idzagwira nchito pa tsiku lotsegulira lokha.

FONI NDI YA YANI?

Pa khomo la kumudzi foni imodzi imatumikira anthu ambiri, ndipo kawirikawiri imakhala m'thumba la bambo. Lamulo limafuna kuti simu kadi ilembetsedwe ndi citupa ca NRC, cimene munthu amatenga akakwanitsa zaka 16. Motero mwana wa zaka 14 kapena 15, msinkhu umene uphungu umafunika koposa, amadalira foni ya makolo kapena ya mkulu wace. Kodi mtsikana angalembe funso la za thupi lace pa foni imene atate ace adzaitenga madzulo? Mnyamata amagwira ganyu, naweta ng'ombe za eni, nagulitsa makala kapena nkhuku, nagula kafoni kace. Mtsikana akaoneka ndi foni yatsopano, funso loyamba la mudzi ndi lakuti wamugulira ndani, ndipo nthawi zina funsolo limakhala ndi maziko, pakuti amuna acikulire amadziwa kuti foni ndi nyambo yabwino.

Zotsatira zace n'zakuti gulu la acinyamata likasamutsira nchito zace zonse pa WhatsApp, limasiya kunja atsikana ndi ana a mabanja osauka, amene ndiwo anali cifukwa coyambitsira gululo. Otsala pa gulu la pa foni amakhala anyamata a pa msika, ana a aphunzitsi ndi a amalonda. Iwo amamva msanga za maphunziro aulere, za nchito zaganyu za Boma ndi za ngongole, nalembetsa anzao asanamve. Mwa njira imeneyi ciwiya cimene cinabwera kudzafupikitsa mtunda cingathe kukulitsa mpata pakati pa ana a mudzi umodzi. Atsogoleri ocenjera a magulu amapewa zimenezi mwa kusankha munthu mmodzi pa mudzi amene amalandira uthenga pa foni ndi kuuwerenga pamaso pa anzace pa tsiku lodziwika, monga momwe mlembi wa gulu la wailesi anali kucitira.

Palinso nkhani ya cinenero. Ku Lundazi anthu oculuka amalankhula Citumbuka pa khomo, ngakhale m'midzi yambiri ya mafumu a Cicewa, pamene cinenero ca cigawo ca Kum'mawa m'sukulu ndi pa wailesi ya Boma ndi Cinyanja. Koma mafomu a pa intaneti, malangizo a ngongole ndi masamba a zaumoyo amalembedwa m'Cingelezi. Mnyamata amene analekera sukulu Giredi 7 amayenda maulendo awiri asanamve cimene calembedwa. Apa mauthenga a mau, amene munthu amalankhula m'foni m'malo molemba, ndi othandiza kuposa momwe akuluakulu a m'maofesi amaganizira. Mlangizi wa zaulimi angalankhule mphindi ziwiri m'Citumbuka kapena m'Cicewa za kabzalidwe ka soya, ndipo uthengawo ungamvedwe ndi anthu 30 pa foni imodzi, ophunzira ndi osaphunzira omwe.

Luso la foni lasandukanso nchito ya acinyamata pakati pa akuluakulu ao. Kuyambira pamene Boma linayesa makhadi ogulira feteleza m'maboma 13 mu nyengo ya 2015 ndi 2016, thandizo la alimi la FISP lakhala likudalira makompyuta ndi mafoni: dzina la mlimi liyenera kupezeka m'kaundula, mlimi apereke K400 yace, ndipo uthenga umabwera pa foni. Agogo ambiri amaitana mdzukulu kuti awawerengere. Mdzukulu wokhulupirika ndi dalitso pa banja. Koma pamene nambala yacinsinsi ya agogo idziwika kwa munthu wosakhulupirika, thumba la feteleza kapena ndalama za thandizo zimasowa popanda citseko kuthyoledwa. Kuphunzitsa acinyamata kuthandiza okalamba moona mtima pa zinthu zimenezi ndi nchito ya acinyamata yeniyeni, ngakhale kuti siilembedwa m'mapulani ambiri.

MSAMPHA WA PA INTANETI

Khomo limene uphungu umalowera ndi lomwenso akuba amalowera. Pafupifupi aliyense wokhala ndi foni analandirapo uthenga wa munthu wosamudziwa wakuti ndalama zija zitumizidwe pa nambala ina. Bungwe la ZICTA linakhazikitsa nambala ya *707# yonenera manambala a akuba otere. Misampha yoopsa kwambiri ndi ija imene imabwera ndi nkhope ya nchito. Mu Epulo 2024 apolisi ndi bungwe lolimbana ndi mankhwala ozunguza bongo anazinga kampani ya Golden Top Support Services ku Roma mu Lusaka, nagwira anthu 77 ndi masimu kadi oposa 13,000. Acinyamata a dziko lino a zaka za m'ma 20 anali atalembedwa kumeneko ngati oyankha mafoni, koma nchito yao inali kunyenga anthu a m'maiko ena pa WhatsApp ndi Telegram motsatira mau olembedwa kale. Mu Juni caka comweco anthu 22 a ku China anapatsidwa zilango za ndende.

Mu Okutobala 2024 atolankhani a Associated Press anaulula kuti atsikana pafupifupi 200 a zaka 18 mpaka 22 ocokera m'maiko angapo a mu Africa anakopedwa ndi zilengezo za pa intaneti zolonjeza maphunziro ndi nchito ku Russia, koma anakapezeka m'fakitale ya ku Alabuga akupanga ndege zankhondo zopanda woyendetsa. Nkhani zimenezi zingaoneke zakutali kwa munthu wa kwa Mwase, koma cilengezo ca pa Facebook sicidziwa mtunda. Cimafika pa foni ya mtsikana wa ku Lundazi tsiku lomwelo limene cifika ku Kampala kapena ku Nairobi, ndipo kwa amene anamaliza Giredi 12 zaka zitatu zapitazo osapeza cocita, mau a ulendo wa pa ndege ndi malipiro amakoma. Kale machona a ku Walale ndi ku Joni anali kulembedwa ndi munthu wooneka ndi maso, amene nyakwawa anali kumudziwa. Wolemba nchito wa lero alibe nkhope.

Pafupi kwambiri ndi mudzi pali njuga ya mpira ya pa foni, imene imadya ndalama za soya mwakacetecete m'miyezi yokolola. Palinso kutumizirana zithunzi zamanyazi ndi kunyozana pa magulu, zimene zaphwanya maubwenzi ndi kucotsa ana ena sukulu. Lamulo la milandu ya pa intaneti la 2021 linalowedwa m'malo ndi malamulo awiri atsopano mu Epulo 2025, ndipo mabungwe ena, pamodzi ndi bungwe la maloya a dziko lino, anadandaula kuti mbali zina za malamulowo zingapsinje ufulu wa kulankhula. Mkangano umenewo uli ndi malo ace. Cimene cikukhudza mnyamata wa kumudzi n'cakuti mau amene akanawanena pa bwalo la mpira n'kuiwalika, akawalemba pa foni amasanduka umboni. Ocepa anauzidwapo zimenezi ndi munthu wamkulu.

NDALAMA ZILIPO

Kale cifukwa cokanira zonsezi cinali kusowa kwa ndalama. Cifukwa cimeneco cacepa mphamvu. Thumba la citukuko ca m'madera a aphungu, la CDF, linakwera kucoka pa K1.6 miliyoni mu 2021 kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, K28.3 miliyoni mu 2023, K30.6 miliyoni mu 2024 ndi K36.1 miliyoni mu 2025 pa dera lililonse. Malangizo a 2022 anapatula gawo la magulu a acinyamata ndi amai, gawo lolipirira ana sukulu zogonera komweko ndi maphunziro a nchito zamanja, ndi gawo lalikulu la zomangamanga. Zopempha zimayambira ku makomiti a citukuko a m'mawadi, kumene makhansala ndi oimira mafumu amakhala.

Vuto n'lakuti makomiti amakonda zinthu zooneka ndi maso, zimene zingadulidwire riboni. Nyumba, madesiki ndi makompyuta zimalembeka mosavuta pa fomu. Malipiro a mnyamata kapena mtsikana woyang'anira cipindaco, ndalama za intaneti za mwezi ndi mwezi, ndi za wokonza makina akafa, sizikhala ndi mzere wace woonekera, ndipo Starlink imene yachulidwa poyamba ija imalipiridwa mwezi uliwonse. Pempho locokera kwa Mwase liyenera kunena poyera kuti caka cacitatu ndani adzalipira. Gulu lingathe kupeza ndalamazo pochajitsa mafoni, posindikiza ndi kukopera makalata, polembera anthu mafomu pa mtengo wodziwika, kapena pokhala ndi kantemba ka Airtel Money ndi MTN MoMo. Zimenezi ndi nchito zimene anthu amalipira kale, ena atayendera ulendo wa ku boma.

Cipinda cotere sicifunika kukhala nyumba yatsopano. Sukulu ili naco kale, ndipo imatseka zitseko masana ndi pa Ciwelu, nthawi imene acinyamata osiya sukulu akanalowamo ngati Unduna wa Zamaphunziro ndi komiti ya makolo atagwirizana za mfungulo ndi za amene adzayankha cinthu cikaonongeka. Woyang'anira ayenera kukhala mwana wa komweko wolankhula Citumbuka ndi Cicewa, wotumizidwa ku maphunziro ndi ndalama za CDF zomwezo, ndipo akhale awiri, mnyamata ndi mtsikana, pakuti pali makolo ambiri amene sadzalola mwana wao wamkazi kukhala madzulo m'cipinda ca anyamata okhaokha. Atsikana apatsidwe masiku ao. Namwino wa pa cipatala, mlangizi wa zaulimi ndi wapolisi woona za nkhanza za m'banja aziyendera cipindaco pa masiku odziwika, kuti funso limene layambira pa foni lithere pamaso pa munthu.

Mafumu ali ndi mbali yao imene ofesi iliyonse siingaitenge. Nyakwawa ikanena pa msonkhano wa mudzi kuti mtsikana wopita ku cipinda ca makompyuta sakupita kukafuna amuna, miseche imacepa. Mfumu Yaikulu ikapempha kuti zilengezo zonse za nchito, ngongole ndi maphunziro zimene zafika pa foni ziziwerengedwanso m'machalichi ndi pa Radio Chikaya, mwai sudzathera kwa ana a pa msika okha. Ndipo cilengezo ca nchito ya kutali cikafika, pakhale lamulo la mudzi lakuti mwana asanyamuke cisanaonetsedwe ku ofesi ya zanchito kapena kwa apolisi pa boma.

Tsiku la Acinyamata limakumbukiridwa pa 12 Marichi caka ciliconse, ndipo magulu a kwa Mwase amapita ku Lundazi kukaguba ndi zikwangwani zao. Makomiti a m'mawadi amalandira zopempha za CDF pa nthawi imene khonsolo yalengeza, ndipo fomu ya gulu imafuna maina a mamembala, zitupa zao, umboni wakuti gululo linalembetsedwa ndi akaunti ya ku banki. Magulu amene akufuna cipinda ca intaneti caka camawa ayenera kuyamba kusonkhanitsa zimenezi tsopano, dzinja lisanatseke miseu.